Masamu a Njerwa ndi Nkhokwe

Mwana wa ku Mulanje amakulira pakati pa masamu, koma akaloŵa m'kalasi masamuwo amamufikira ngati alendo ochokera kutsidya kwa nyanja. Mphunzitsi amajambula pirizimu pa bolodi, ana naloŵeza dzina lake, mayeso akatha naiŵala. Izi n'zomvetsa chisoni, pakuti pirizimuyo ili pakhomo pawo pomwe.

Kodi pirizimu n'chiyani? Ndi chinthu cha mbali zathyathyathya chimene mapeto ake aŵiri ndi ofanana, ndipo munthu akachidula mopingasa paliponse amapeza nkhope imodzimodziyo. Njerwa ndi pirizimu, thabwa lochekedwa bwino chimodzimodzi. Denga la malata lotsetserekera mbali ziŵiri ndi pirizimu ya ngodya zitatu. Tiyi, amene anabzalidwa ku Lauderdale mu 1891, kwa zaka zambiri ankapita kunja m'mabokosi a ngodya zinayi, chifukwa mabokosi otere amasanjikizana osasiya mpata m'sitima. Nazo njuchi zimaumba zisa za tizipinda ta ngodya zisanu n'imodzi, motero zimasunga uchi wambiri ndi phula lochepa.

Lamulo lake ndi limodzi: kukula kwa malo apansi kuchulukitsa ndi msinkhu. Thanki yotalika mamita 2, yotambalala mita 1, yakuya mita 1, imasunga malita 2,000 a madzi. Nkhokwe, ngakhale ili yozungulira, imamvera lamulo lomweli. Mlimi akaitalikitsa kaŵiri, imaloŵa chimanga chochuluka kaŵiri; koma akaitambalitsa kaŵiri, imaloŵa chochuluka kanayi. Kodi ndi ana angati otsiriza Sitandade 8 amene angawauze makolo awo zimenezi?

Ena amati masamu otere ndi a okhawo opita ku sekondale. Akulakwa. Amene amawasoŵa kwambiri ndi mnyamata kapena mtsikana wotsala pamudzi, amene maŵa adzakhala mmisiri womanga nyumba kapena kalipentala pa Chitakale. Akapanda kudziŵa kuŵerengera njerwa za khoma kapena mchenga wa m'lole, adzagula zopereŵera, kapena ochenjera adzamudyera masuku pamutu.

Tsono aphunzitsi asadandaule kuti alibe zipangizo. Atulutse ana panja, awapatse njerwa ndi lula, ayeze okha, apeze lamulolo ndi manja awo. Chimene mwana wachigwira sachedwa kuchimvetsa, ndipo akulu anati mmera m'poyamba.