Diso Lotambalala ndi Phiri la Mulanje

Anyamata ndi asungwana ambiri amene alowa ntchito yojambula zithunzi, akafika pa Chitakale ndi kukweza maso kuphiri, mtima umawauza kuti chinthu chachikulu chotere sichingalowe m'kamera popanda lenzi yotambalala koposa, ija ya mamilimita 14 kapena 16, imene imaona kudzanja lamanja ndi lamanzere nthawi imodzi. Ndipo ine ndifuna kuwachenjeza asanamasule chikwama, pakuti safunsa anadya phula.

Khalidwe la lenzi imeneyi ndi kukuza zapafupi ndi kuchepsa zakutali. Munthu akaima nayo m'mbali mwa msewu wochokera ku Thyolo, nailozetsa kuphiri, adzapeza kuti Mulanje, amene nsonga yake ya Sapitwa ifika mamita 3,002, wasanduka kachulu kosowa ulemu pakati pa thambo ndi minda ya tiyi. Kumunsi kuno, lenzi wamba ya mamilimita 50 kapena 85 ndiyo ibwezera phiri msinkhu wake.

Malo ake enieni a lenzi yotambalala ali m'kati mwa phirimo: pa Dziwe la Nkhalamba, pamene madzi agwa pakati pa matanthwe ndipo wojambula alibe kobwerera m'mbuyo, patsinde pa Chambe, pamene mwala uima chilili pamwamba pa mutu, ndi pa Lichenya, pamene udzu uyalana kufikira kumene mitambo ikwera kuchokera kuchigwa. Kumeneko afunika kugwada, kusendeza kamera pafupi ndi mwala, duwa kapena mtsinje, kuti diso la woona lipeze poyambira ulendo wake. Afunikanso kuigwira mowongoka, chifukwa akaipendeketsa m'mwamba mitengo imaoneka ngati ikugwa. Mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene watsala pang'ono kutha m'phirimo ngakhale nkhalangoyi inatetezedwa ndi lamulo kuyambira 1927, uyenera kujambulidwa uli chiimire monga Mlengi anauimikira, kuti adzukulu athu adzadziwe maonekedwe ake.

Tsono pa kusankha, uphungu wanga ndi uwu. Wa kamera ya sensa yaikulu atenge 16–35mm. Wa sensa yaing'ono, imene imadula chithunzi m'mbali, atenge 10–18mm kapena yofanana nayo. Asakopeke ndi lenzi ya f/2.8, imene ili yolemera ndi yokwera mtengo, ngati cholinga chake si kujambula nyenyezi usiku. Pakuti mapiri amajambulidwa pa f/8 kapena f/11, ndipo f/4 ikwanira, makamaka kwa iye amene akumbukira kuti katundu yense wokwera kuchokera ku Likhubula amakwera pamsana pa munthu. Lenzi zambiri za mamilimita 14 zili ndi galasi lotumphuka kutsogolo, losalola kumangapo fyuluta yopota, ndipo chiperoni chikadza ndi mawawa ake galasilo limanyowa msanga. Afunse ngati lenziyo inatsekedwa bwino kuti chinyontho chisalowe, ndipo kunyumba aisunge pouma, kuopa chuku.

M'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri lino m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo alendo a makamera adzachuluka. Ndikupemphani, inu ana a ku Mulanje ndi ku Phalombe, kuti musawasiyire okha ntchitoyi. Bwerekani lenzi kwa mnzanu, mukwere nayo kufikira ku Chambe, ndipo mukagule yanu mutatsika.