Chikalata cha zofuna zathu kwa a MEC a Zaumoyo m'chigawo cha Gauteng

Olemekezeka a MEC,

Ife amene tasaina pansipa ndife makolo, azakhali, amalume ndi achinyamata olankhula Chichewa, okhala ku Hillbrow, Yeoville, Tembisa, Diepsloot ndi madera ena a chigawo chino. Ena tili ndi ana amene amakonda amuna anzawo kapena akazi anzawo. Ena tili ndi ana obadwa ndi thupi lachimuna koma akudziwa mumtima mwawo kuti ndi akazi, kapena obadwa ndi lachikazi koma ndi amuna. Ena ndife anawo. Takulemberani chifukwa ana athuwa akuvutika maganizo, ena afika poganiza zodzipha, ndipo thandizo lomwe lilipo silikuwafika.

Malamulo a dziko lino ndi abwino, zimenezo sitikutsutsa. Gawo 9 la malamulo aakulu a 1996 limaletsa kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda, ndipo gawo 27 limapereka ufulu wa chithandizo cha kuchipatala kwa aliyense, osati nzika zokha. Ana ambiri anabwera kuno atamva zimenezo. Kwathu ku Malawi mwamuna wogonana ndi mwamuna mnzake angathe kukhala kundende zaka 14, mkazi zaka 5, ndipo mu Juni 2024 khoti linakana kufafaniza malamulowo pa mlandu wa Jana Gonani ndi Jan Willem Akster. Mwana wokulira m'mantha oterewa amaphunzira msanga kutseka pakamwa, ndipo sangoyamba kulankhula chifukwa wawoloka pa Beitbridge.

Taonani mmene zimakhalira. Mnyamata wa zaka 17 wasiya kudya, usiku sagona. Pakiliniki ina namwino akumufunsa m'Chizulu, iye Chingerezi chake n'chopunduka, ndiye aitana amalume amene amuperekeza kuti amasulire. Amalume omwewo ndiwo amalipira lendi, ndiwonso amaimba foni kumudzi Lamlungu lililonse. Mwana anena chiyani pamaso pawo? Angoti mutu ukuwawa, mtima ukuthamanga. Amupatsa Panado, abwerera ndi katundu wake yense pamtima.

Choncho chofuna chathu choyamba ndi omasulira olembedwa ntchito ndi boma, olumbira kusunga chinsinsi, ngakhale akhale omasulira pafoni. Wachibale asamasulire m'chipinda cha uphungu. Lamulo la ana la 2005 limalola kale mwana wa zaka 12, ngati ali wozindikira, kuvomera yekha chithandizo. Anamwino akumbutsidwe zimenezi, kuti mwana azionedwa payekha.

Chachiwiri ndiye mutu wa nkhani. Tikufuna alangizi odziwa zinthu ziwiri pamodzi. Adziwe kuti mwanayu sakudwala chifukwa cha mmene alili: bungwe la WHO linachotsa kukondana kwa amuna kapena akazi okhaokha pa mndandanda wa matenda mu 1990, ndipo kuyambira 2022 siliwerenganso kudzimva mkazi m'thupi lachimuna ngati matenda a maganizo. Chikumudwalitsa ndi kutukwanidwa, kumenyedwa, kubisala. Bungwe la akatswiri a zamaganizo la PsySSA linalemba kale malangizo pa nkhaniyi mu 2017. Afike m'manja mwa namwino wa ku Diepsloot, asathere m'maofesi a ku Sandton.

Koma adziwenso mudzi umene mwanayu wachokera. Kumuuza kuti akaulule kwa makolo, akakana achoke, ndi uphungu wa munthu amene sanagonepo m'chipinda chimodzi ndi abale asanu. Achoke apite kuti, alibe chiphaso, ntchito anamupezera ndi alamu ake? Kwathu nkhani yolemera siyambira kwa bambo. Imadzera kwa azakhali, kwa amalume, kwa agogo, ndipo kawirikawiri pamakhala mmodzi wa mtima wofewa amene angayambe kumvetsa. Mlangizi amufunse mwanayo kuti ameneyo ndani, ndipo mwana akalola, amuitane. Mayi amene akulira kuti mwana wanga amulodza, kapena ali ndi ziwanda, si mdani ayi, ndi mayi wogwidwa ndi mantha. Asasekedwe. Koma auzidwe mosapita m'mbali kuti kumusalitsa kudya, kumutemera mphini mokakamiza kapena kumupezera mkazi mwachangu sikumusintha, kumangomukankhira ku chingwe. Ena mwa ife amene tasaina pano tinafuna munthu wotiuza zimenezi m'chinenero chathu, mwaulemu, ndipo sitinamupeze. Ambiri mwa anawa amapempherabe. Mlangizi asawauze kuti asankhe pakati pa Mulungu ndi moyo wawo.

Pali tinthu tina tosafuna ndalama. Munthu aziitanidwa pamzere ndi dzina lomwe wadzitchula. Mtsikana akaitanidwa mokweza ndi dzina lachimuna la pakhadi, anthu n'kutembenuka onse, sabweranso. Zolembedwa m'fayilo yake zisatuluke m'chipatala, ndipo auzidwe zimenezo asanayambe kulankhula.

Zipata nazo zitetezedwe. Mu 2025 a gulu la Operation Dudula anaima pamakomo a zipatala kufunsa anthu ziphaso, mpaka khoti lalikulu la ku Johannesburg linawaletsa mu Novembala. Mwana amene kunyumba amamutcha chitabane chifukwa cha mmene alili, pachipata n'kumutchanso kwerekwere chifukwa ndi mlendo, sadzayesa kachiwiri. Alonda ndi oyang'anira makiliniki alandire lamulo lolembedwa loti wodwala aliyense alowe.

Za ndalama tinene mwachidule. Kafukufuku wa 2019 anapeza kuti matenda a maganizo ankalandira pafupifupi 5 peresenti ya ndalama zonse zaumoyo za boma, ndipo 86 peresenti ya ndalamazo inkathera kwa ogonekedwa m'zipatala. Chigawo chino chinataya odwala maganizo 144 pa nkhani ya Life Esidimeni. Mtengo wa kupulumutsa ndalama pa odwala maganizo mukuudziwa. Tikufuna mlangizi pakiliniki ya pafupi, mwana asanafike pogonekedwa, komanso thandizo la boma kuti mafoni a uphungu monga a SADAG akhale ndi olankhula Chichewa usana ndi usiku.

Tikupempha yankho lolembedwa pasanathe masiku 30, ndi tsiku lokumana nanu. Pamsonkhanowo achinyamata eni ake adzakhale pagome, adzalankhule okha. Mayina a ana osakwana zaka 18 sitinawalembe pano. Awasainira ndi azakhali ndi amalume awo.

Ndife anu,
Makolo, abale ndi achinyamata olankhula Chichewa m'chigawo cha Gauteng