Mlandu wa Garu Ngwa Yani?

Abale anga a ku Sakubva, Dangamvura ndi ku migodi ya Penhalonga, sabata ino tikambe za agaru.

M'caka ca 2025 agaru a mtundu wa pit bull anapha munthu ku Bluff Hill, mu Harare, ndipo apolisi anagwira mwini wao. Ambiri akuti Boma liletse mtundu umenewu. Ine ndikuti mlandu ngwa mwini. Zoonadi, pit bull sali monga garu wa kwathu wosaka akalulu. Makolo ace anawetedwa ku England kuti azimenyana, ndipo akaluma sataya msanga. Koma anamsankha ndani? Munthu amamgula dala cifukwa ca kuopa mbala, nammanga pa unyolo dzuwa lonse, namumana nsima kuti akhale waukali. Usiku amammasula, cikhalireco mpanda wace ngwobooka. Nanga ife ocokera ku nchito usiku tidzere kuti? Nanga ana opita ku sukulu m'mamawa?

Mnansi wanga ali naye garu wotere. Ndamuuza kawiri mwaulemu kuti akonze mpanda, iye angoseka. Loweruka likapita asanakonze, ndikanena kwa apolisi.