Ndalama zolipira kukhoti zisungenso mapepala a milandu

Munthu wa ku Kalomwe akakhala ndi mlandu woti mafumu aulephera, ulendo wake ndi wa ku Ulongwe, kukhoti la boma la Angónia ku Mozambique. Kumeneko mlandu wa munda, wa ngongole kapena wa chuma cha masiye nthawi zambiri suyenda popanda kulipirapo kanthu, ndipo zina mwa ndalama zimenezi zimakathera m'thumba la makhoti lotchedwa Cofre dos Tribunais. Ife tikuti gawo lodziwika la ndalamazi lipatulidwe, lizigwira ntchito imodzi yokha: kusunga mapepala a milandu kuti mwana wa amene walipira lero adzapeze chigamulo chake patatha zaka 30.

Anthu a kuno safunika kuuzidwa kuwawa kwa pepala lotayika. Nthawi ya nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, mabanja ambiri a ku Angónia anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo pobwerera ena anapeza minda yawo ili m'manja mwa eni atsopano. Lamulo la malo la 1997 linachita bwino kuvomereza umboni wapakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzi ngati chitsimikizo choti munthu ali ndi ufulu wolima pamalo pake. Koma mboni zimakalamba, zimasamuka, zimamwalira. Agogo amene ankadziwa mtengo umene unali malire a minda iwiri akapita, chotsala ndi zimene mlembi wa khoti analemba tsiku limene iwo anayankhula. Kuno kumalire nkhaniyi imakula, chifukwa banja limodzi limakhala mbali zonse ziwiri: bambo wa ku Dedza, mayi wa ku Domwe, ana ena asukulu ku Malawi, ena akulima mbatata ya kachewere ku Mozambique. Mkangano umene khoti linathetsa kale umabukanso pamaliro, ndipo ngati chigamulo chija sichikupezeka, amapambana ndi wa mawu okweza kapena wa thumba lolemera.

Thumba la makhotili lasonyeza kale kuti lingathe kuchita zazikulu. Ndi ndalama zake zimene zamangira nyumba zatsopano za makhoti m'maboma osiyanasiyana, pa ntchito imene boma la Filipe Nyusi linayambitsa yoti boma lililonse likhale ndi khoti looneka bwino. Tikuyamikira. Koma nyumba imamangidwa kamodzi, pamene pepala limafuna chisamaliro chaka ndi chaka: mashelefu achitsulo otalikirana ndi pansi, denga losadontha, mankhwala a chiswe, ndi mlembi wophunzitsidwa amene amadziwa kumene fayilo iliyonse yagona. Dziko lathu lamapirili ndi lamvula yambiri ndi chinyezi, ndipo pepala lounjikidwa pakona silichedwa kuchita nkhungu. Palinso moto. Pa zipolowe zimene zinatsatira chisankho cha Okutobala 2024, nyumba za boma zinaonongedwa m'madera ambiri, makhoti ena ali m'gulu lomwelo. Chigamulo chokhala ndi kope limodzi lokha chili pangozi nthawi zonse, n'chifukwa chake gawo la ndalamazi liyenera kulipiriranso kujambula mapepala pa kompyuta ndi kusunga kope lachiwiri ku Tete.

Ena ati zimenezi zikweza mtengo wa chilungamo, pamene mlimi akuvutika kale ndi ndalama ya ulendo wa ku Ulongwe. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo ifenso tingakane msonkho uliwonse watsopano. Malamulo aakulu a dziko amati umphawi usatsekereze munthu pakhomo la khoti, ndipo bungwe la IPAJ lilipo kuti lithandize osowa. Chimene tikupempha ndi kugawa mwatsopano ndalama zimene zikulowa kale. Gawo lina la ndalamazi limapita kwa oweruza ndi ogwira ntchito m'makhoti monga mphotho yoonjezera pa malipiro awo. Ngati lamulo linatha kutchula gawo lawo, lingathenso kutchula gawo la mapepala a anthu amene akulipirawo.

Enanso ati kusunga zolembedwa ndi udindo wa bajeti ya boma, osati wa odandaula. Mfundoyi ndi yomveka, koma tonse tikudziwa zimene zimachitika ndalama zikachepa ku Maputo: malipiro amayamba, mafuta a galimoto amatsatira, ndipo chipinda cha mafayilo, poti sichidandaula, chimadikira chaka china. Ndalama yolembedwa m'lamulo kuti ndi ya ntchito yakutiyakuti imavuta kuipatutsa mwakachetechete, makamaka khoti likamapachika pakhoma pake chaka chilichonse kuchuluka kwa zimene lalandira ndi zimene lagwiritsa ntchito.

Tisaiwale mabwalo a m'midzi amene lamulo la 1992 linakhazikitsa. Milandu yambiri ya anthu a ku Kalomwe imathera kumeneko kapena kwa mfumu, m'Chichewa chomveka, osafika n'komwe ku Ulongwe. Mabwalowa amagwira ntchito ndi zipangizo zochepa, ndipo kope la kusukulu losungidwa m'nyumba ya munthu mmodzi si malo oyenera chigamulo cha munda wa banja lonse. Buku lolimba la masamba owerengedwa, bokosi lachitsulo, ndi lamulo loti kope lizitumizidwa kukhoti la boma chaka chikatha, n'zotsika mtengo poyerekeza ndi nyumba imodzi yatsopano.

Tikupempha akuluakulu a khoti lalikulu la Tribunal Supremo ndi oyendetsa Cofre dos Tribunais kuti atchule gawo limeneli poyera ndi kulilemba m'malamulo a thumbali. Aphungu a chigawo cha Tete akafunse za nkhaniyi ku nyumba ya malamulo, ndipo inu amene mlandu wanu waweruzidwa, musachoke kukhoti musanapemphe kope la chigamulo chanu.