Ndani Akujambula Mashehe Athu?

Mu Juni 2024, MrBeast wa ku America anapitirira T-Series ya ku India pa kuchuluka kwa omutsatira pa YouTube, ndipo mu 2025 anadutsa 400 miliyoni. Achinyamata a ku Makanjira ndi ku Malindi amamudziwa kuposa agogo awo. Ife akuluakulu timadzudzula mafoni pa khutba ya Lachisanu, n'kubwerera kunyumba mitima itazizira.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, kudzudzula pakamwa sikulemetsa munthu. Mufti Menk wa ku Zimbabwe wafikira anthu mamiliyoni ndi kamera yomweyo. Nanga madarasa a mashehe athu okalamba a m'mbali mwa nyanja, m'Chiyao ndi m'Chichewa, wawajambula ndani? Tikuwaika m'manda mmodzimmodzi maphunziro akadali m'chifuwa, adzukulu maso ali pa Cocomelon.