KODI GALIMOTO IDZAGONA KUTI?

Abale athu a ku migodi ndi a ku mapulazi, lero tifuna kunena za cinthu cimene ambiri a inu mucilakalaka, ndico galimoto. Kuyambira caka ca 2009, pamene dziko lino la Zimbabwe linabvomereza dola ya ku America, magalimoto akale ocokera ku Japan analowa ambirimbiri, kotero kuti mwana wa munthu amene anapalasa njinga moyo wace wonse anakhoza kudzigulira Honda Fit. Ife sititsutsa zimenezi ai. Koma wogula amafunsa za injini, za matayala ndi za petulo, ndipo aiwala funso limene lidzamsautsa masiku onse: kodi galimotoyo idzagona kuti?

Taonani Kuwadzana. Mudzi umenewu uli kumadzulo kwa Harare, m'mbali mwa mseu wa ku Bulawayo, umene mudzera inu ocokera ku Norton, ku Selous ndi ku Chegutu. Unamangidwa m'zaka za m'ma 1980, dziko litalandira ufulu, ndipo amene anapima malowo anaganizira munthu wa nchito wokwera basi. Cifukwa cace mabwalo a nyumba ali ang'ono, ndi miseu ya pakati pa nyumba iri yopapatiza. Masiku ano nyumba imodzi isunga mwini wace pamodzi ndi mabanja ena a lendi. Mwini nyumba alowetsa galimoto yace mumpanda, ndipo wa lendi, angakhale alipira mwezi ndi mwezi osaphonya, auzidwa kuti yace akaionere pena. Kuisiya pamseu ndiko kuitana mbala, pakuti kukaca mupeza batire palibe, kapena galasi litasweka.

Potero panabadwa malonda atsopano. Pafupi ndi masitolo, ndi pa malo ena opanda nyumba, anthu azinga bwalo ndi waya, naika mlonda wogonera magalimoto. Madzulo mwini galimoto aisiya pamenepo, nayenda pansi kunka kwao mumdima. Mbandakuca abweranso kudzaitenga. Mtengo wace kawirikawiri ndi dola imodzi usiku umodzi. Dola imodzi imveka yopepuka, koma tiwerengere pamodzi monga tinaphunzira ku sukulu: pa caka akwana madola 365. Kwa munthu wa pa pulazi amenewo ndiwo malipiro a miyezi ingapo, ndipo galimotoyo isanayende ngakhale phazi limodzi.

Mukalowa nayo pakati pa mzinda mulipiranso. Kumeneko yokhometsa ndi City Parking, kampani ya Khonsolo ya Harare. Anyamata ndi atsikana ace obvala yunifomu alipiritsa pa ola, ndipo kwa zaka zingapo mtengo wodziwika unali dola imodzi. Wosalipira apeza gudumu lace litamangidwa ndi citsulo, ndipo sacoka kufikira atapereka faindi. Anthu adandaula nazo, ifenso nthawi zina tidandaula. Komabe kumeneko munthu alandira lisiti, adziwa dzina la amene watenga ndalama yace, ndiponso adziwa khomo lokagogoda ngati walakwiridwa.

Cimene citibvuta ife pa mabwalo a usiku a ku Kuwadzana ndico cakuti pa ambiri a iwo palibe pepala liri lonse. Kodi malowo ndi a yani? Kodi amene alandira ndalamayo anampatsa cilolezo ndani? Nanga batire ikasowa mkati mwa waya momwemo, adzabweza ndani? Wofunsa zotere ayankhidwa kuti anaimika mwa kufuna kwace. Tsono munthu walipira ciani, ngati sanalipire citetezo?

Sitinena kuti alonda ali oipa, iai. Amene anaonapo mlonda wotere m'mwezi wa June, atafunda thumba, alikuotha moto wa makatoni kufikira tambala woyamba, sangamnenere camwano. Ambiri a iwo ndi ana athu omwe osowa nchito, ndipo mwa ndalama zonse zimene asonkhanitsa, zotsala m'dzanja lao ziri zocepa.

Kwa akuru a Khonsolo tipempha cinthu cosabvuta. Apime malo ogonekapo magalimoto m'cigawo ciri conse ca Kuwadzana, apereke cilolezo colembedwa kwa oyang'anira, ndipo pa cipata pakhomedwe thabwa lonena dzina la mwini bwalo, mtengo wa usiku ndi wa mwezi, ndi cimene adzacita katundu akasowa. Amene adziwa kulemba malisiti pa miseu ya pakati pa mzinda sangalephere kuwalemba ku mudzi wa anthu a nchito.

Koma sitiyenera kukhala manja lende kudikira Khonsolo. Makolo athu ocokera ku Nyasaland, atafika ku Halale opanda mbale, anapangana mabungwe a maliro, nasonkha mwezi ndi mwezi, ndi mlembi wao ndi buku lao, kuti mnzao asaikidwe ngati mlendo. Eni magalimoto khumi a mseu umodzi akhoza kucita comweco: kulemba mlonda wao amene amdziwa kwao, kumlipira bwino pa mwezi, ndi kulemba m'buku galimoto iri yonse polowa ndi poturuka.

Ndipo inu amene mudzabwera kudzaceza ku Kuwadzana pa kutha kwa mwezi kapena pa Khrisimasi, tumizani mau kwa mbale wanu musananyamuke, kuti akufunireni malo. Fikani dzuwa lisanalowe, zungulirani galimotoyo pamodzi ndi mlonda kuti aone cimene ciripo, funsani dzina lace, ndipo zikwama ndi mapepala a galimoto mulowe nazo m'nyumba.