Chipepeso sichinatseke mlandu wa ku Msundwe

Pali mawu omwe akhala akuyenda m'maminibasi a pamsewu wa Mchinji, pa bawo pa Mpingu mpaka kumsika wa Nsaru. Akuti nkhani ya ku Msundwe inatha kalekale poti amayi aja analandira ndalama zawo. Ena amafika ponena kuti wolandira chipepeso ndiye kuti wagulitsa mlandu, asadzatsegulenso pakamwa. Ife tikukana. Mawuwa ndi olakwika pamalamulo, ndipo akafika kumudzi amapweteketsa ana.

Tikumbutsane. Pa 8 Okutobala 2019, wapolisi Usumani Imedi anaphedwa pa Msundwe anthu atatseka msewu. Apolisi omwe anatumizidwa kuderalo analowa m'midzi ya Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission litafufuza linapeza kuti amayi ndi atsikana anagwiriridwa ndi kuchitidwa nkhanza. Maloya a bungwe la Women Lawyers Association anatengera nkhaniyi kukhoti lalikulu ku Lilongwe. Mu Ogasiti 2020, Jaji Kenyatta Nyirenda anagamula kuti amayi ndi atsikana 18 apatsidwe chipukuta misozi.

Funso lomwe ofalitsa mawu aja salifunsa ndi ili: kodi pa mlandu umenewo ankazengedwa ndani? Sanali wapolisi uje kapena uje. Amayiwo anasumira maofesi a boma, makamaka ya mkulu wa apolisi, chifukwa cholephera kuwateteza komanso kuzengereza kufufuza. Palibe munthu yemwe anaima m'kabokosi kuyankha mlandu wogwirira. Ndalama zomwe zinaperekedwa sizinatuluke m'thumba la wogwirira aliyense. Zinachokera kumisonkho yathu, ya mlimi wa fodya wa ku Kabudula ndi mayi wogula sopo pa Namitete. Tingati bwanji mlandu watha pamene amene analipira si amene anapalamula?

Malamulo athu ali ndi njira ziwiri. Ina ndi yoti wolakwiridwa apepesedwe. Inayo ndi yoti boma lizenge wopalamula, ndipo umboni ukakwana popanda chikayiko, alangidwe. Njira yoyamba sitseka yachiwiri. Mlandu wogwirira ndi wa boma, osati wa banja, ndipo chilango chake chimatha kufika pokhala kundende moyo wonse. Mphamvu yothetsa mlandu wotere Malamulo Oyendetsera Dziko anaipereka kwa mkulu wozenga milandu m'boma. Sanaipereke kwa mfumu, kwa malume, ngakhale kwa wodandaula yemwe. N'chimodzimodzinso imfa ya Imedi: palibe ndalama ingaifafanize, ndipo omwe anamupha ayenera kuyankha pakhoti.

Chomwe tikuderera nkhawa kwambiri n'chakuti maganizo omwewa ndi amene amakwirira milandu m'midzi mwathu. Mwana akagwiriridwa, akubanja la wopalamula amabwera usiku ndi mbuzi kapena kandalama, ankhoswe n'kugwirizana kuti zithere pakhomo kuopa manyazi. Mawa lake mwanayo amakumana ndi womuchita chipongweyo pamjigo. Bwalo la mfumu lili ndi ntchito yake yolemekezeka, monga za malire a minda ndi ng'ombe zodya chimanga cha eni. Koma kugwirira si mlandu wa pabwalo. Malo ake ndi kupolisi, kuchipatala msanga umboni usanafufutike, kenako kukhoti.

Makolo anati mlandu suwola, ndipo apa lamulo likugwirizana nawo. Amayi a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu sanagulitse kanthu. Analandira zomwe khoti linati ndi zawo, ndipo ufulu wawo wofunsa kuti owachita nkhanza ali kuti ukadali pomwepo. Inu a mfumu, mbuzi ikabwera usiku pa nkhani ya mwana, ibwezeni kukhola komwe yachokera, ndipo kukacha mumuperekeze mwanayo kupolisi.